Phiri la Zana

Tinanyamuka pa Likhubula nkhuku zisanatsike,
ine ndi Ferista, mwana wa mlongo wanga,
iye batire kumsana, lolemera ngati mwana wosiya kuyamwa,
ine wailesi yokulunga m'juzi yakale,
waya wa mamita makumi awiri
ndi nsungwi zitatu zolumikiza.
Bondo lakumanzere linayamba kudandaula tisanaoloke mtsinje.
Ndinaliuza kuti lero si tsiku lake.

Amayi otsika ndi nkhuni anatipatukira.
Wina anayang'ana nsungwizo nati,
Kodi mukukawedza kumwambako?
Ndinati eya mayi, tikukawedza mawu.
Anaseka mpaka mtolo unapendekeka.

Mapiri makumi asanu ndi anayi mphambu asanu ndi anayi
ali m'kope langa lachikuto chobiriwira,
ena timapiri chabe ta ku Thyolo, tovala tiyi mpaka m'khosi.
Tsiku, ola, dzina la woyankha.
Masamba oyambirira ndi dzanja la Namakhwa,
zilembo zopendama ngati chimanga chogwa ndi mphepo.
Tinkakonza mawailesi limodzi pa Chitakale,
ndiye anandiphunzitsa kuti waya ukakwera pamwamba
dziko limafupika.
Tinapangana kufika zana.
Iye anatsikira pa la makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu,
shuga atamudya mwendo, kenaka yense.
Kuchokera apo inki ndi yanga.

Tinadutsa zitsa za mkungudza
zonunkhirabe ngati sizikudziwa kuti zinadulidwa.
Ferista patsogolo, osatembenuka,
ine kuwerenga mapazi makumi atatu, kuima,
kunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

Dzuwa litapendeka tinali pa Chilemba,
ndipo chiperoni chinatipeza tikumanga nsungwi.
Minda ya tiyi, msewu, malata a pa Boma,
zonse psiti!
Kunatsala mwala womwe ndinakhalira
ndi kagetsi kofiira ka pa wailesi.

Si-kyu, si-kyu, Seveni-Kyu akuitana kuchokera paphiri.
Mmenemo waaa, ngati mvula pa denga la tchalitchi.
Lamulo la masewerawa limafuna anayi oyankha.
Woyamba anali wa ku Joni, mawu onenepa.
Wachiwiri wa pachilumba china m'nyanja ya mchere.
Wachitatu mzungu wachifuwa,
anakhosomola kawiri asananene dzina lake.
Kenaka zii.

Ndinaitana, ndinaitana.
Muvi wa batire ukutsetsereka ngati nkhono,
zala za Ferista zitauma pa nsungwi,
milomo yake itachita mbuu.
Anati, Malume, kukuda.
Ndinati kamodzi kokha.
Kamodziko kanabala ena asanu ndi awiri.

Usiku wathawu ndinkalota woyankha wa ku Japani,
kapena wa kumadzi oundana komwe dzuwa sililowa.
Koma amene anatulukira m'phokosomo,
pang'onopang'ono ngati munthu wotuluka m'nkhungu,
anali wa ku Milanje, kuseri kwa phiri lomweli,
mtunda wa theka la tsiku pa njinga yakapalasa.
Chipwitikizi chake chinaterereka n'kugwera m'Chilhomwe,
chomwe chija Namakhwa ankatukwanira mawaya okanika.
Anati, Mawu anu ndi ofooka, bambo, koma ndakumvani.

Ndinafuna kumuuza zonse,
za kope, za mwendo uja, za zaka khumi ndi zinayi.
Ndinangoti zikomo.
Kagetsi kanaphethira, n'kuzima.

Bolopeni inakana kukhazikika m'dzanja langa.
Ndinanamizira kuzizira.
Ferista anatenga kope, nalifungatira kuti lisanyowe,
nalemba tsiku, ola, dzina,
zilembo zoimirira njo ngati ana pa asembule.
Tsopano m'kopemo muli manja atatu.

Panalibe mluzu, panalibe mendulo.
Tinagawana chinanazi ndi mpeni wosendera waya.
Tikukulunga zingwe anafunsa osandiyang'ana,
Nanga lotsatira tikwera liti?
Ndisanatsegule pakamwa
bondo linayankha lokha, khwe!
Iye anaseka, nandilanda chikwama cha wailesi,
nachikoleka pamwamba pa batire.